Chinangwa Chowawa Amayamba Achiviika

Ndikulankhula nanu ndili kuno ku Chintheche, m'mbali mwa nyanja, m'boma la Nkhata Bay. Kuno anthu amalankhula Chitonga, ndipo agogo ena adandidzudzula kale kuti ndimachipotoza lilime lao. Tsono lero ndilankhula m'Chichewa, kuti a ku Nkhotakota, a ku Salima ndi a ku Mangochi amve nao, pakuti nkhani yanga ndi ya amayi onse amene akulera ana pa nthawi ya mavuto.

Ndiyambe ndi kuulula kulakwa kwanga. Zaka zingapo zapitazo, m'nyengo ya mwera, bwato lina lidagubuduzika usiku asodzi ali kokapha usipa. Anzake adapulumuka, koma mmodzi sadapezeke mpaka tsiku lachitatu. Maliro atatha ndidapita kukapepesa mkazi wake, mayi wa ana 4, wamng'ono ali kubere. Ndinali ndi changu tsiku limenelo, poti akhristu a ku tchalitchi lina anali kundidikira. Ndidakhala pa mpando kanthawi kochepa, ndidapemphera, kenaka ndidanena mau amene ife ansembe timathawirako tikasowa chonena. Ndidati, "Mayi, pirirani, limbani mtima." Iwo adandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Bambo, aliyense amene wafika pakhomo pano wandiuza kuti ndipirire. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene wandiuza kuti amapirira bwanji." Ndidasowa poyankha. Ndidaliza njinga yanga yamoto nkumapita, koma funso lija lidakwera nao pambuyo panga, ndipo silidatsike mpaka lero.

Yankho lake sindidalipeze m'mabuku a ku seminale. Ndidalipeza kwa amayi omwewo, pa maiwe amene amaviikamo chinangwa.

Inu a kumtunda amene mumadya nsima ya chimanga, mundilole ndikufotokozereni. Nsima ya kuno ndi kondowole, ndipo ufa wake wambiri umachokera ku chinangwa chowawa, monga chija amati gomani. Chinangwa chimenechi chili ndi poizoni. Munthu akachizula nkuchidya chachiwisi amamva chizungulire, amasanza, ndipo mwana angathe kufa nacho. Nchifukwa chake amayi amachisenda, nachiviika m'madzi masiku 3 kapena 4 mpaka chifewe, nachivuula, nachitsuka, nachiyanika pa dzuwa, kenaka nkusinja. Kuwawa kuja kumatsalira m'madzi, ndipo chimene chikadapha banja ndicho chimalidyetsa chaka chonse. M'zaka za m'ma 1990 mayi wina wophunzira wa m'dziko lathu lomwe lino, Linley Chiwona-Karltun, adayenda m'midzi ya m'boma lino kufunsa alimi chifukwa chake amakonda kubzala chinangwa chowawa pamene chozuna chilipo. Adamuuza kuti chowawa akuba sachifuna, anyani ndi nguluwe sizichikonda, motero chimakhalitsa m'munda. Ndipo amene ankachidalira kwambiri anali amayi okhala okha, opanda mwamuna wolondera munda.

Mukuona tsono kuti amayi a ku Chintheche saopa zowawa, ndipo adziwa kuti nzeru yake ndi kuviika. Chodabwitsa nchakuti mayi yemweyo, amene sangalole mwana wake kuluma gomani wamuwisi, chisoni chake amachimeza chachiwisi. Ndipo ife, ansembe, akatekisiti, anankungwi ndi apongozi, ndife tidamphunzitsa kutero, pomuuza kuti mkazi weniweni salira pagulu, saulula za m'nyumba, sadandaula. Tidasokoneza zinthu ziwiri zosiyana: kupirira ndi kukhala chete.

Chisoni chomeza chachiwisi chili ndi zizindikiro zake, monga momwe poizoni wa chinangwa aliri nazo. Mayi amagona koma tulo osabwera, tambala nkulira iye ali maso. Nsima imamukanika kukhosi. Amaiwala mchere m'ndiwo, amaiwala tsiku la sikelo. Mwana akataya madzi pang'ono amammenya ngati wapalamula mlandu waukulu, pambuyo pake nkudzida yekha. Mutu umamupweteka, mtima umathamanga, ndipo akapita ku chipatala kukayezetsa malungo sawapeza. Anthu amati "ali ndi maganizo," nkungosiya pomwepo, ngati kuti maganizo si matenda. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse lapansi, lija la WHO, limati m'maiko osauka ngati lathu lino pafupifupi mayi 1 mwa amayi 5 alionse amene angobereka kumene amavutika ndi nthenda ya maganizo yotereyi. Ndipo kafukufuku amene adachitika pa chipatala cha boma ku Thyolo, amene zotsatira zake zidatuluka mu 2008, adaonetsa kuti makanda a amayi ovutika maganizo ankapinimbira msinkhu poyerekeza ndi anzao. Choncho munthu asanene kuti izi ndi nkhani za anthu okhuta a m'tauni. Mtima wa mayi ukafota, mwana kumsanako amafota nao.

Mavuto si achilendo m'mbali mwa nyanja muno. Chiyambire pamene amishoni a Livingstonia adakhazikika ku Bandawe mu 1881 nkutsegula masukulu, amuna a kuno adakhala m'gulu la anthu oyamba kupita kutali kukafuna ntchito, ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku migodi ya ku Joni. Clements Kadalie, mwana wa m'mudzi wa Chifira pafupi pomwepa, adafika mpaka ku Cape Town, kumene adayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito mu 1919. Dzina lake lili m'mabuku. Koma maina a amayi amene ankatsala ndi ana, ndi minda, ndi nkhalamba, ndani adawalemba? Katswiri wina wa za chikhalidwe cha anthu, Jaap van Velsen, amene adakhala pakati pa Atonga m'zaka za m'ma 1950, adapeza kuti amuna oposa theka sankakhala pamudzi. Ena ankatumiza ndalama ndi nsalu, ena adangozimirira nkusanduka machona. Mu April 1974 ndege yonyamula anthu ochokera ku migodi idagwa ku Francistown, nkupha Amalawi 74. Kuyambira mu 1985 tizilombo toyera tija timati kodikodi tidaononga chinangwa m'boma lino, ndipo njala idalowa m'nyumba zimene sizinkaidziwa. Kenaka idabwera Edzi, agogo nkuyambanso kulera makanda. Kolera amene adayamba mu 2022 adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Nkhata Bay adali pakati pa maboma amene adavutika kwambiri. Mu November 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti, sopo ndi mchere nkukhala ngati zinthu za pa Khirisimasi. Ndipo anyamata athu akupitabe ku Joni, lero pa basi.

Nanga agogo athu aja adapulumuka bwanji? Ena amati anali ndi mitima yamwala. Ine sindikhulupirira zimenezo. Anali ndi mtondo. Amayi awiri kapena atatu ankasinja pamodzi, ndipo pamtondopo ankaimba nyimbo zodandaula mwamuna wosalemba kalata, mpongozi wovuta, mwana wodwaladwala. Mudzi wonse unkamva, wolakwa nkudzimva yekha, woimbayo mtima nkupepuka. Pofika chaka chatsopano ankavina chilimika mpaka thukuta kamukamu. Chigayo chitabwera tidakondwa, ndipo sindikunena kuti tibwerere ku musi, pakuti mikono ya amayi idapumula. Koma tisaiwale kuti chigayo chidapeputsa mikono nkutseka pakamwa. Pa chigayo pali phokoso ndi mzere, munthu sangaimbepo za kumtima kwake. Tsono ngati mtondo udapita, tiyenera kupeza malo ena oviikapo chisoni.

Madzi oviikamo chisoni ndi khutu la munthu mnzako. Ku Harare, m'dera la Mbare kumene kuli zidzukulu zambiri za machona athu, dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, adaona kuti madokotala onga iye ngochepa kwambiri m'dziko lonse la Zimbabwe. Cha m'ma 2006 adayamba kuphunzitsa agogo aakazi luso la kumvetsera, nawakhazika pa mabenchi a matabwa kunja kwa zipatala zazing'ono. Munthu wolemedwa ndi chimene Ashona amati kufungisisa, ndiye kuti kuganizitsa, amakhala pabenchipo ndi gogoyo kokwana ka 6. Gogoyo salalika, sadzudzula, sathamangira kupereka malangizo. Amamvetsera, kenaka amathandiza munthuyo kutchula mavuto ake limodzilimodzi, kusankhapo limodzi lokha limene angayambe nalo, ndi kupangana chimene achite sabata imeneyo. Zotsatira za kafukufuku zimene zidatuluka mu 2016 zidaonetsa kuti anthu okhala pabenchi aja ankapeza bwino kuposa amene adangolandira chithandizo cha masiku onse. Taonani, abale anga, mankhwala ake anali gogo, benchi ndi nthawi. Kodi pali mphakati ndi umodzi womwe m'parishi zathu umene ulibe zinthu zitatuzi?

Kusankha vuto limodzi kuja musakuone kuchepa. Usiku mavuto amabwera onse pamodzi ngati nkhungu pa nyanja: fizi, denga lodontha, ngongole ya katapila, mwana wa ku Joni amene foni yake siikugwira. Munthu sangalimbane ndi mtambo wonsewo. Koma kukacha, atakhala ndi mnzake, angathe kunena kuti, za ku Joni sindingazithe lero, za denga zidikire udzu, koma za fizi mawa ndipita kukaonana ndi aphunzitsi aakulu. Mayi akachita chinthu chimodzi chokha nkutheka, amakumbuka kuti manja ake akadali ndi mphamvu, ndipo kulimba mtima kumamera pamenepo. Sikugwa kumwamba ngati mvula, ai.

Amayi Maria omwe, atalandira uthenga umene ukadatha kuwaphetsa ndi miyala, sadadzitsekere m'nyumba ku Nazarete. Luka Woyera akutiuza kuti adanyamuka mofulumira kupita kwa Elizabeti, mayi wachikulire amene nayenso anali ndi zake zodabwitsa, nakhala kumeneko ngati miyezi 3. Ndipo pa Kalvare sadaime okha: panali amayi anzao pambali pao. Ambuye Yesu ali pa mtanda sadawauze amai ao kuti apirire. Adawapezera nyumba yokakhalamo ndi munthu wowasamala.

Koma pano ndiyenera kudzudzula, ndipo ndiyambira m'nyumba mwathu. Amayi ambiri amakhala chete chifukwa adayesapo kulankhula, mawa lake nkhani yao nkuimva ku dooko. Madzi oviikamo chinangwa akakhala onyansa, ufa wonse umanunkha. Inu a m'mabungwe a amayi, inu a Lejio, inu atsogoleri a miphakati, mnzanu akakuululirani za kumtima, mwasenza chinthu chopatulika. Kukachitula pa mjigo, ngakhale mutachikuta ndi mau akuti "timpempherere mnzathu," ndi miseche basi, ndipo ndi tchimo loyenera kulapa. Ndipo inu mayi wolemedwa, simuyenera kuuza mudzi wonse. Sankhani munthu mmodzi kapena awiri amene mudaona kale kuti pakamwa pao mpotseka.

Pali chinanso chimene ife olalika timachinyoza chifukwa chimaoneka chapansi. M'buku loyamba la Mafumu, mutu 19, mneneri Eliya adathawira ku chipululu atatopa kotheratu, nagona pansi pa kamtengo, napempha kuti afe. Mulungu sadamuyankhe ndi ulaliki. Adamtumizira mngelo ndi mkate ndi madzi, namlola kuti agonenso, namdyetsanso kachiwiri. Mau adabwera pambuyo, mimba itakhuta, thupi litapumula. Tsono taganizani za mayi wa kuno. Amadzuka kusanache kukadikira mabwato, amayanika usipa pa thandala, amapita ku munda, amatunga madzi, amaphika, amagawira bambo, amagawira ana, iye nkudya zotsalira m'mphika. Akatero miyezi ingapo nkuyamba kulira popanda chifukwa, ife timati chikhulupiriro chake chachepa. Ai, chimene chachepa ndi chakudya ndi tulo. Mayi woyamwitsa akadya mokwanira sakulanda ana chakudya, akuwasungira mai wao. Ndipo inu achemwali ake, inu apongozi, kumulandira khanda masana amodzi kuti agoneko ndi ntchito yachifundo yoposa kumuimbira nyimbo zitatu.

Kusowa kumakankhira munthu pa malo oterera. Tonse tikudziwa, ngakhale sitinena, kuti pa madooko ena mayi wopanda ndalama amauzidwa kuti usipa aupeza akalola zina. Sindidzaponya mwala kwa mayi amene ana ake adagona ndi njala masiku awiri. Mau anga olimba ndikuwalozetsa kwa mwamuna amene amagulitsa nsomba pa mtengo umenewo, ndi kwa ife akhristu anzake a mayiyo amene tidaona utsi utaleka kufuka pakhomo pake osafunsa kanthu. Magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama, aja timati banki mkhonde, apulumutsa amayi ambiri ku msampha umenewu, malinga ngati munthu abwereka zochitira geni, osati zokabwezera ngongole ina.

Nanga pemphero? Ena akudabwa kuti wansembe walankhula nthawi yonseyi osalitchula. Ndalisungira pano dala, chifukwa kawirikawiri timaligwiritsa ntchito ngati chitsekerero cha pakamwa pa wolira. Monika Woyera, mayi wa ku Tagaste, m'dziko limene lero ndi Algeria, adadziwa zimene amayi a m'mbali mwa nyanja amadziwa. M'chaka cha 383 mwana wake Augustino adamunamiza pa dooko la Carthage kuti akungoperekeza mnzake. Mayiyo adagona m'kachalichi ka pafupi ndi gombe, ndipo kutacha adapeza chombo chitapita ku Roma, mwana ali momwemo. Adalira pagombepo mosabisa. Koma sadalekere pa misozi. Adapemphera, adafunsa nzeru kwa abusa a Mpingo, adaoloka nyanja kumtsatira mpaka ku Milan, ndipo mu 387 adaona mwana wake akubatizidwa ndi Ambrozio Woyera, iye nkumwalira chaka chomwecho ku Ostia. Pemphero lake linali la misozi ndi la miyendo. Ndipo Masalimo amene timaimba m'tchalitchi, ambiri mwa iwo ndi madandaulo a anthu ofunsa Mulungu chifukwa chake wawaiwala. Ngati Mulungu adalola madandaulo otere kulowa m'Buku lake, sangakwiye ndi mayi wa ku Chintheche amene akumufunsa chimodzimodzi, korona ili m'manja.

Tsono mvetsetsani bwino apa, pakuti pali zowawa zina zosaviikika. Mwamuna akamakumenyani, akamaopseza moyo wanu kapena wa ana, kumeneko si kopirira. Dziko lathu lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja la mu 2006, ndipo ku polisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa. Malamulo a Mpingo omwe, pa nambala 1153, amalola munthu kupatukana ndi mnzake wa mu ukwati amene akuika moyo wake kapena wa ana pa ngozi yaikulu. Ukwati sumasulidwa potero, koma palibe wansembe kapena nkhoswe amene ali ndi mphamvu yokubwezani ku nyumba yokaferako. Chimodzimodzi achibale olanda bwato, ukonde ndi malata a mayi wamasiye: lamulo la mu 2011 la chuma cha masiye limati umenewo ndi mlandu. Mkatekisiti amene amatsogolera mapemphero pa maliro nkukhala chete pamene katundu akutuluka m'nyumba, wasiya ntchito yake pakati.

Ndiponso pali nthawi imene khutu la mnzako silikwanira. Ngati kulemedwa kwapitirira masabata 2 osapepuka, ngati mayi waleka kusamba ndi kusamala khanda, ngati akumva mau amene ena sakuwamva, makamaka ngati wanena, ngakhale moseka, kuti kuli bwino atangofa kapena atalowa m'nyanja, musamusiye yekha ndipo musataye nthawi ndi kufufuza amene wamulodza. Mufunseni mosazungulira ngati akuganiza zodzipha, pakuti kufunsa sikuika maganizowo mwa munthu, koma kumamtsegulira khomo. Kenaka mperekezeni ku chipatala cha Chintheche kapena cha boma ku Nkhata Bay. Ku Mzuzu kuli a St John of God, amene akhala akusamala odwala matenda a maganizo kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Nthenda imeneyi ili ndi mankhwala monga momwe malungo aliri nao, ndipo kumwa mankhwalawo sikutsutsana ndi kulandira Ukaristia.

Inu abambo amene mukumvera muli chete pakhonde, ndikufunseni: mudawafunsa liti akazi anu kuti agona bwanji, nkudikira yankho? Ndipo inu anyamata a ku Joni amene mau ano angakupezeni, ngakhale ndalama zitavuta, imbani foni. Mai wanu angathe kugona ndi njala, koma sagona akapanda kudziwa ngati muli moyo.

Mayi wamasiye uja ndidabwererako patapita miyezi ingapo, ulendo uno wopanda changu. Sindidawapeze pakhomo. Ana adandilozera ku dziwe, ndipo ndidawapeza ali m'madzi mpaka m'maondo pamodzi ndi amayi anzao awiri, akuvuula chinangwa. Tidakhala pa mchenga. Adandiuza kuti miyezi iwiri yoyamba sankafuna kuona nyanja ndi pang'ono pomwe, ndipo madzi ankatuma ana. Tsiku lina mnansi wao wachikulire, amenenso mwamuna wake adatsalira ku migodi kalekale, adangofika ndi dengu nati, "Tiyeni, chinangwa chanu chikuolera m'munda." Sadawauze kuti apirire. Ankangobwera Lachiwiri lililonse, ndipo pa Lachiwiri lachinai ndi pamene mau adayamba kutuluka. Ukonde wa malemu adaubwereketsa kwa asodzi ena mogawana phindu, ana awiri ali pa sukulu, wamkulu akufuna kulowa m'bwato koma iwo akukanabe.

Ndidawafunsa ngati tsopano zidatha. Adaseka pang'ono nati, "Bambo, inunso! Mwera ukayamba kuomba usiku, ndimadzuka nkukhala tsonga mpaka kucha." Tsono adapangana ndi gogo uja kuti usiku wa mwera azibwera ndi mphasa yake kudzagona kwao. Pobwerera adandipatsa ufa wa kondowole m'kathumba, nandichenjeza kuti ndisaupereke kwa wophika wa kumtunda, angauononge.